Nyumba Yosadontha: Mbiri ya Boma ndi Madenga Athu ku Chitala

Usiku wa pa 10 Malichi 1989, anthu ambiri atagona kale, nthaka ya m'boma la Salima idagwedezeka. Dzulo lake chivomerezi chocheperapo chidali chitang'amba kale makoma a nyumba zina kuno ku Chitala, koma cha usiku umenewu ndicho chidagwetsa nyumba zambirimbiri kuyambira kunyanja kuno mpaka kumapiri a ku Dedza. Anthu 9 adamwalira, ena pafupifupi 100 adavulala, ndipo anthu pafupifupi 50,000 adasowa pogona. Idali nyengo ya dzinja, chimanga chikadali m'munda, ndipo ngakhale amene nyumba zawo zidatsala chiimire ankaopa kulowamo.

Pa nthawi imeneyo dziko lathu lidali litatsala miyezi yochepa kuti likwanitse zaka 25 likudzilamulira. Kwa zaka zonsezo Dr. Hastings Kamuzu Banda ankabwereza m'misonkhano yake kuti anthu ake ayenera kukhala ndi zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino, ndi nyumba yosadontha mvula ikamagwa. Mawu amenewa aliyense wa msinkhu wathu amawadziwa. Chimene sitifunsa kawirikawiri n'chakuti, kuchokera tsiku limene boma lidayamba kulamula dziko lino, lachitapo chiyani pa nyumba ya munthu wa kumudzi? Ndalama za nyumba zinkapita kwa yani, ndipo chifukwa chiyani? Funsoli likutikhudza chifukwa chisankho chilichonse chikayandikira, malata ndi simenti zimabwereranso pakamwa pa andale, ndipo munthu wosadziwa mbiri amalandira lonjezo lakale ngati latsopano.

Nyumba boma lisanabwere

Makolo athu sankadikira wina kuti awamangire. Mwamuna ankadula nsichi ndi phaso kuthengo, n'kusenda luzi. Amayi ankamweta udzu ndi tsekera, kutunga madzi, kumata makoma ndi kuzira pansi. Denga la nyumba yozungulira kapena la nkhokwe ankalilukira pansi, kenaka anthu a m'mudzi ankabwera kudzalinyamula n'kuliika pamwamba. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga udachokera pa ntchito yeniyeni imeneyi. Nyumba siinkafuna ndalama, inkafuna abale, thengo ndi nthawi ya chilimwe.

M'mbali mwa nyanja muno kamangidwe kadayamba kusintha azungu asanakhazikitse boma. Amalonda a Chiswahili ndi a Chiyao amene ankayenda pakati pa nyanja ino ndi Kilwa, malonda awo ali a minyanga, nsalu komanso akapolo, adabweretsa chithunzi cha nyumba ya ngodya zinayi, ya khonde ndi zipinda. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. David Livingstone atafika kumudzi waukulu wa mfumu Mataka ku Mwembe mu 1866 adapeza nyumba zambiri zamakona, zotengera kamangidwe ka kugombe la nyanja ya mchere. Pamene Chisilamu chinkafalikira m'midzi ya mafumu a Chiyao kuyambira zaka za m'ma 1870, nyumba ya zipinda, ya mpanda kuseri ndi bafa lake, idafalikira limodzi nacho, chifukwa inkagwirizana ndi malamulo a ukhondo ndi ulemu wa pabanja. Choncho nyumba ya mdadada imene tikuiona lero kunyanja kuno siidayambe ndi atsamunda.

Boma lidayamba ndi kuwerenga madenga

Dziko lino lidakhala pansi pa Britain mu 1891, ndipo Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba, adafunika ndalama zoyendetsera boma lake. Njira imene adasankha idali msonkho wa nyumba. Pofika 1894 nyumba iliyonse inkalipira masheleni atatu pachaka, ndipo msonkhowu unkafalikira dera ndi dera pamene mafumu ankagonja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 adaukweza, koma adaika lamulo lakuti munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi alipire theka lokha. Cholinga chidali poyera: kutulutsa amuna m'midzi kuti akagwire ntchito m'minda ya azungu. Amene alephera kulipira, mabuku a mbiri amatiuza kuti nthawi zina nyumba zawo zinkatenthedwa, ndipo akazi awo ankagwidwa mpaka msonkho utapezeka.

Apa ndi pamene tikuonera koyamba ubale wa boma ndi nyumba ya munthu wamba. Boma lidaona denga ngati chizindikiro chowerengera anthu ndi kutolera ndalama. Msonkho umenewu ndiwo udayambitsa ulendo wa amuna athu wopita ku Harare, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, ndipo ndiwonso udakankhira alimi a kuchigwa kuno ku ulimi wa thonje.

M'zaka za m'ma 1930 bungwe la Empire Cotton Growing Corporation linkayesera mbewu za thonje m'dera la Domira Bay, ndipo ntchito yofufuza za ulimi imene tikuiona lero pa Chitala mizu yake ili m'nthawi imeneyo. Njanji yochokera ku Blantyre kudzera pa Chipoka idafika ku Salima mu 1935. Pamodzi ndi njanji ndi malo a zaulimi padabwera nyumba za njerwa zootcha ndi malata, zomangidwira akalaliki, alangizi ndi anthu a sitima. Nyumba zimenezi zidali ndi lamulo limene likadalipo mpaka lero m'nyumba za boma: nyumba imatsata ntchito. Ntchito ikatha, munthu amapereka makiyi n'kubwerera kumudzi. Kukula kwa nyumba kunkatsatanso udindo ndi khungu: mzungu pamtunda pomwe pali mphepo, kalaliki wachikuda m'kanyumba ka zipinda ziwiri, wantchito wamba m'mzere wa tizipinda. M'matauni ngati Blantyre, anthu akuda ambiri ankakhala m'midzi yozungulira tauni monga Ndirande, n'kumayenda wapansi m'mawa uliwonse kupita kuntchito.

Ufulu ndi nyumba za m'tauni

Chaka cha ufulu, 1964, chidabwera ndi mabungwe awiri ofunika pa nkhani yathu. Loyamba ndi Malawi Housing Corporation, limene lidapatsidwa ntchito yomanga nyumba zobwereketsa ndi zogulitsa, komanso kukonza mapuloti. Lachiwiri ndi New Building Society, limene linkabwereketsa ndalama zogulira kapena kumangira nyumba, ndipo mu 2004 lidasanduka NBS Bank. Onse awiriwa maso awo adali m'tauni. Kuti munthu apeze ngongole ya nyumba ankafunika malipiro a pamwezi ndi chikalata cha malo, zinthu ziwiri zimene msodzi wa usipa kapena mlimi wa thonje adalibe. Nyumba zambiri za bungwe la nyumba zinkakhalidwa ndi ogwira ntchito m'boma, amene ankalipira kachigawo kochepa ka malipiro awo ngati lendi, zotsalazo boma n'kumakwaniritsa ndi misonkho ya anthu onse.

Kwa anthu opeza zochepa a m'tauni, boma lidakhazikitsa madera otchedwa Traditional Housing Areas. Kumeneko munthu ankapatsidwa puloti yoyezedwa, msewu wafumbi, mpopi wa anthu onse ndi dzenje la chimbudzi, iye n'kumanga yekha ndi zipangizo zimene angathe. Mbali za Ndirande, Zingwangwa ndi Bangwe ku Blantyre, komanso Kawale ndi Area 25 ku Lilongwe, zidakula motere. Kunena zoona, njira imeneyi idasunga anthu ambiri kuposa nyumba zonse zimene boma lidamanga lokha, chifukwa mwini puloti ankamanga tizipinda tina kuseri n'kumachititsa lendi. Abale athu ochokera ku Salima ndi ku Mangochi amene adapita m'tauni kukasoka zovala, kukagulitsa nsomba kapena kukalondera, ambiri adayambira moyo wawo m'tizipinda totere.

Ntchito yaikulu koposa ya zomangamanga m'nthawi ya Kamuzu idali likulu latsopano. Britain itakana kupereka ndalama zosamutsira likulu kuchoka ku Zomba, Kamuzu adatembenukira ku South Africa, dziko limene pa nthawiyo linkalamulidwa mwa tsankho ndipo linkafunafuna bwenzi pakati pa mayiko a anthu akuda. Malawi idakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi dzikolo mu 1967, ndipo chaka chotsatira ngongole ya ndalama zokwana 8 miliyoni za dzikolo idaperekedwa, bungwe la Capital City Development Corporation n'kukhazikitsidwa. Lilongwe idakhala likulu mu 1975. Mapulani ake adalekanitsa anthu motsata chuma: Area 10 ndi Area 43 pafupi ndi Capital Hill kwa akuluakulu, madera a anthu wamba kutali, kotero kuti wopeza zochepa ndiye amayenda mtunda wautali kupita kuntchito. Njanji ya Salima mpaka Lilongwe, yomangidwa ndi thandizo la Canada, idatsegulidwa mu 1979, ndipo katundu wopita kulikulu ankadutsa m'boma lathu lino midzi ya m'mbali mwake ikadali ya udzu.

Nyumba idalinso chida cha ndale. Kamuzu ankamangira nyumba amayi ena otsogolera Mbumba, ndipo mphatso zimenezi zinkalengezedwa pa wailesi kuti dziko lonse limve. Mbali inayo, lamulo la Forfeiture Act la 1966 linkapatsa boma mphamvu zolanda katundu wa munthu amene lamuganizira kuti akusokoneza chuma kapena chitetezo cha dziko, ndipo mabanja ena adataya nyumba zawo popanda kukaonekera kukhoti. Dzanja limene linkapereka nyumba kwa omvera ndi lomwelo linkalanda za okayikiridwa.

Thonje lathu lidamanga nyumba za yani?

Kumudzi kuno, mfundo ya boma idali yakuti mlimi akalimbikira kumunda adzagula yekha malata. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ntchito yaikulu yotukula ulimi wa m'mbali mwa nyanja ku Salima idayamba ndi thandizo la West Germany. Idabweretsa misewu, mijigo, ngongole za zipangizo za ulimi, ng'ombe zolimira, ndi sikimu ya Chinguluwe kumene alimi ankapatsidwa minda yoyezedwa kuti alime thonje motsata malangizo. Ena adapinduladi, ndipo madenga owala adayamba kuoneka apa ndi apo.

Koma mtengo wa thonje, mtedza ndi mpunga sunali m'manja mwa mlimi. Kuyambira 1971 ADMARC, imene idalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndiyo yokha inkagula mbewu zimenezi kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo inkagula pa mtengo wotsika poyerekeza ndi umene inkagulitsira kunja. Akatswiri a zachuma amene adafufuza nthawi imeneyi adaonetsa kuti phindu lalikulu linkapita kukakuza maesiteti a fodya ndi makampani monga Press Holdings. Apa ndi pamene nkhani ya nyumba imakumana ndi nkhani ya chuma. Ndalama imene ikadagula malata khumi pa Chitala inkachotsedwa pasikelo mlimi asanaione, n'kukamanga kwina. Mlimi ankamva pa wailesi za nyumba yosadontha, koma chaka chilichonse mwezi wa Juni ukafika mkazi wake ankanyamula chikwakwa kupita kudambo.

Nanga malata oyamba m'midzi yathu adachokera kuti? Ambiri adachokera kumigodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa kudzera ku Wenela. Munthu ankabwera ndi njinga, wailesi, makina osokera ndi ndalama zosungidwa, n'kuumba njerwa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu adaimitsa ulendowu. Udayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, anthu ake ali ochepa, n'kutheratu mu 1988. Lero achinyamata athu akupitabe ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town paokha, ndipo aliyense woyenda m'midzi ya Salima ndi Mangochi amadziwa kuti nyumba zambiri zokongola zimene akuziona zidamangidwa ndi ndalama zotumizidwa kuchokera kumeneko. Mtengo wake timaudziwanso: ana okula osaona bambo, maukwati ogwedezeka, ndi maliro obwera pagalimoto kuchokera kutali.

Zaka zovuta za m'ma 1980

Boma lidayamba kuganizira nyumba za kumudzi mwachindunji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene lidakhazikitsa ntchito ya Rural Housing Project mothandizidwa ndi nthambi za United Nations. Ntchitoyi inkaphunzitsa amisiri a m'midzi, kuyesera zipangizo zotsika mtengo monga zofolera zopangidwa ndi simenti yosakaniza ndi khonje, ndi kupereka ngongole za zipangizo zimene banja silikadatha kupanga lokha. Maganizo ake adali abwino chifukwa ankayambira pa zimene anthu ankadziwa kale, koma idafika nthawi yoipa. Kuyambira 1981 Malawi idalowa m'mapangano ndi World Bank ndi IMF amene ankafuna kuti boma lichepetse ndalama zimene limagwiritsa ntchito. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za ku Beira ndi Nacala, katundu yense wochokera kunja n'kukwera mtengo. Capital City Development Corporation idathetsedwa mu 1984, ndipo kumanga nyumba za boma kudazilala.

Chivomerezi cha 1989 chidatipeza tili motero. Chidaulula chinthu chimene amisiri a zomangamanga amachidziwa bwino: khoma la zidina kapena la njerwa zomangira matope, lopanda maziko ozama ndi lamba wogwira makoma onse pamwamba, limagwa msanga kuposa nyumba yakale ya nsichi yomangidwa ndi luzi, imene imagwedezeka n'kuimanso. Tidali titasiya kamangidwe ka makolo tisanapeze ndalama ndi luso lokwanira kamangidwe katsopano. Kuno ku Chitala vutoli limakula chifukwa cha dothi la makande, limene limafufuma m'dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe, n'kumakoka maziko a nyumba uku ndi uku. Padapita zaka 20, mpaka zivomerezi za ku Karonga za mu Disembala 2009, kuti boma mogwirizana ndi mabungwe litulutse mu 2010 buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba zimene anthu wamba angathe kutsata.

Matipate ndi malonjezo a malata

Mu 1992 madera a Traditional Housing Areas adaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda, amene adalibe ndalama zoyezera mapuloti atsopano. Anthu obwera m'tauni adayamba kugula malo kwa mafumu a m'mphepete mwa mizinda n'kumamanga mosatsata mapulani. Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994 pansi pa Bakili Muluzi, maganizo amene adalamula adali akuti boma lisamange nyumba, likonze njira kuti anthu ndi makampani amange okha. Nyumba zambiri za boma zidagulitsidwa, ndipo amene adapindula ndi omwe ankakhalamo kale, kutanthauza anthu a ntchito za m'maofesi. Chakumapeto kwa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika nyuzipepala zidadzaza ndi nkhani imene adaitcha Housegate, yonena kuti nyumba zina za Malawi Housing Corporation zidagulitsidwa motsika mtengo kwa anthu amphamvu. Kafukufuku wa UN-Habitat wa 2010 adapeza kuti mizinda yathu inkafunika nyumba zatsopano 21,000 chaka chilichonse, pamene bungwe la nyumba, patapita zaka zoposa 40 chikhazikitsidwire, linkasunga nyumba pafupifupi 6,000 zokha.

Popeza mavoti ambiri ali kumudzi, andale adatembenukira kwa ife. Mu 2013 Joyce Banda adakhazikitsa Mudzi Transformation Trust, imene inkamangira nyumba okalamba ndi osauka m'midzi. Amene adalandira adathokoza, ndipo nkosayenera kupeputsa chimwemwe cha gogo amene wagona koyamba pansi pa malata. Komabe ntchitoyi idamangiriridwa pa dzina la mtsogoleri mmodzi, ndipo chisankho cha 2014 chitapita idazilala.

Boma la Peter Mutharika lidabwera ndi ndondomeko ya Decent and Affordable Housing Subsidy Programme, imene tonse tinkaitcha sabuside ya malata ndi simenti. Idayamba chakumapeto kwa 2014. Dera lililonse la phungu linkayenera kukhala ndi mabanja 80 opindula pachaka, ndipo madera adalipo 193, kutanthauza mabanja 15,440 m'dziko lonse. Banja linkaumba njerwa zake, boma n'kupereka malata, simenti ndi zipangizo zina, ndipo banjalo linkayenera kubweza theka la mtengo wake pang'onopang'ono. Ochepa osaukitsitsa ankalandira ulere. Kugawa motsata madera a aphungu kudaonetsa kumene ndondomekoyi idabadwira, pakuti umphawi sufanana m'madera onse, koma phungu aliyense ankafuna gawo lake. Anthu ambiri adaiona ngati mphatso ya chipani, ndipo ndalama zimene zidabwezedwa zidali zochepa kwambiri, kotero kuti thumba limene linkayenera kuzungulira silidazungulire. Boma litasintha mu 2020 ndondomekoyi idaima, ndipo boma la Lazarus Chakwera lidaika mtima pa nyumba 10,000 za apolisi, asilikali, oyang'anira ndende ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko.

Tiyeni tiike manambala pamodzi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi tidalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumudzi. Mwa nyumba 100 zilizonse, pafupifupi 41 zidali za njerwa zootcha ndi malata, 23 zidali zapakatikati, ndipo 36 zidali za dothi ndi udzu. Izi zikutanthauza nyumba za udzu zoposa miliyoni imodzi. Sabuside ya malata ikadayenda bwino chaka ndi chaka osaphonya, ikadatenga zaka zoposa 60 kuti izifikire zonse, osawerengera mabanja atsopano amene akubadwa. Manambala omwewa akutiuzanso chinthu cholimbikitsa: nyumba zamalata zachuluka kwambiri poyerekeza ndi masiku a chivomerezi, ndipo zochuluka mwa izo anthu adamanga okha, ndi ndalama ya nsomba, ya mtedza, ya geni, ya ku Joni ndi ya banki m'khonde.

Kwacha, chiwongoladzanja ndi malo

Ngati anthu amamanga okha, ndiye kuti zimene boma limachita pa ndalama ndi pa malo zimakhudza nyumba zathu kuposa mphatso iliyonse. Chitsulo chopangira malata chimachokera kunja. Simenti imapangidwa m'dziko muno, ku Kasungu, ku Blantyre ndi ku Mangochi, koma mafuta, makina ndi zina mwa zipangizo zake zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, banja limene linkasunga ndalama ya malata 30 lidadzuka m'mawa likukwanitsa ochepa. N'chifukwa chake anthu anzeru m'midzi yathu sasunga ndalama ya nyumba m'thumba. Akagulitsa mbewu amagula malata awiri kapena atatu n'kuwaika kudenga mpaka atakwana.

Ngongole za kubanki zili kutali nafe pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chiwongoladzanja m'dziko muno chakhala chikupitirira 20 pa 100 pachaka kwa zaka zambiri, ndipo malo a kumudzi opanda chikalata banki siiwalandira ngati chikole. Chachiwiri, kwa ife Asilamu riba ndi yoletsedwa, kotero ngakhale amene ali pantchito yolipidwa pamwezi ambiri akhala akupewa ngongole ya nyumba. M'zaka zaposachedwapa Reserve Bank of Malawi idalola kuti mabanki atsegule nthambi zoyendera malamulo a Chisilamu. Mayiko ena ali ndi njira zodziwika, monga yakuti banki igule zipangizo n'kuzigulitsa kwa munthu pa mtengo wogwirizana wosasintha, kapena yakuti banki ndi munthu akhale eni nyumba limodzi, munthuyo n'kumagula gawo la banki pang'onopang'ono. Njira zotere zidzakhala ndi tanthauzo kunyanja kuno pokhapokha zitafika kwa msodzi ndi mlimi amene ndalama yake imabwera pa nyengo.

Pa za malo, malamulo a 2016, makamaka Customary Land Act, amalola banja kulembetsa malo ake a makolo n'kulandira chikalata, kudzera m'komiti ya malo ya kwa gulupu imene mwa anthu ake asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Lamuloli n'lofunika kwambiri m'boma la Salima, kumene malo a m'mbali mwa nyanja akugulidwa ndi anthu a ndalama ochokera ku Lilongwe kuti amangepo malo ogona alendo. Banja logulitsa gombe la makolo limasamukira kumalo otsika kapena kudambo, ndipo madzi akabwera limakhala loyamba kulira. Mu 2024 nyanja idakwera kwambiri, monga idachitira cha m'ma 1980, n'kulowa m'nyumba za m'mphepete mwake ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Palinso nkhani ya nkhuni: uvuni uliwonse wa njerwa umadya mitengo, ndipo nkhalango ngati Thuma zikuvutika. Mu 2018 boma lidaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda, koma munthu wa kumudzi sadapatsidwe njira ina yotsika mtengo.

Zimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Tikayang'ana zaka zonsezi kuchokera pa msonkho wa masheleni atatu, tikuona kuti boma lililonse lamanga nyumba za anthu amene linkawafuna pa nthawi yake: atsamunda adamangira akalaliki awo, Kamuzu adamangira ogwira ntchito m'boma ndi Mbumba, maboma a matipate adagawa malata m'madera a mavoti. Sitikunena izi pofuna kunyoza amene adalandira, kapena kuti boma lisiye kuthandiza. Amasiye, okalamba ndi olumala sangathe kuumba njerwa, ndipo dziko loopa Mulungu liyenera kuwafolera. Tikunena kuti thandizo lomangiriridwa pa nkhope ya munthu mmodzi limatha tsiku limene nkhopeyo yachoka.

Choncho wofuna voti yathu akadzaima pabwalo n'kutchula malata, tidzamufunse mafunso amene mbiri yatiphunzitsa. Kodi ndondomekoyi ili m'lamulo, kapena ili m'kamwa mwanu mokha? Adzasankha opindula ndani, ndipo maina awo adzawerengedwa pagulu? Mtengo wa thonje ndi mtedza wathu mudzauteteza bwanji? Kalembera wa malo adzafika liti kwa gulupu wathu? Amisiri a m'mudzi mwathu adzaphunzitsidwa liti kumanga pa makande?

Zina sizidikira boma. Womanga chaka chino akumbe maziko mpaka atapeza dothi lolimba, akweze chiunda kuti madzi asanyambite khoma, asaike zenera kapena chitseko pafupi ndi ngodya, amange lamba pamwamba pa makoma onse, ndipo amangirire denga kukhoma ndi waya kuti mwera usalinyamule. Ndi bwino kumanga zipinda ziwiri zolimba n'kudzawonjezera mtsogolo kusiyana ndi kumanga zisanu zimene zidzang'ambika mvula yachiwiri. Amene ali kunja n'kumatumiza ndalama aumirire kuti malowo alembetsedwe, ndipo dzina la mkazi ndi ana lisasowe pa chikalata. Ndipo pa Jumu'ah ya mwezi wa Seputembala, mvula isanayambe, komiti ya mzikiti uliwonse ingathe kuwerenga nyumba za amasiye ndi okalamba za m'mudzi mwake, Asilamu ndi anansi awo omwe, n'kuona kuti ndi denga liti limene silifika mwezi wa Malichi. Sadaka ya mitolo ya udzu, mapaipi a pulasitiki wofolera ndi tsiku limodzi la achinyamata khumi ndi yokwanira kuti gogo mmodzi agone mvula ikugwa osasuntha mphasa.